Nkhasi Ziwiri za mu Mtsinje wa Chipola

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, m'dziko la United States of America, muli cigawo cochedwa Florida. Kumpoto kwa cigawoco kuli mtsinje dzina lace Chipola. Mtsinjewu ngwaung'ono pouyerekeza ndi Luangwa kapena Zambezi, koma uli ndi ubwino wace. Madzi ace ambiri amatumphuka m'akasupe a pansi pa miyala ya laimu, kotero kuti mvula ikakhala masiku osagwa, amayera mbee, ndipo munthu wokhala m'bwato akhoza kuona mcenga, miyala ndi nsomba za pansi peni-peni. Mtsinjewu umapitirira pafupi ndi tauni ya Marianna, nutsikira kumwera kukathira mu mtsinje waukulu wa Apalachicola, umene umakatsira madzi ace m'nyanja yamcere ya Gulf of Mexico.

M'mbali mwa mtsinje umenewu munakulira mnyamata wina, amene tsopano ndi munthu wamkulu. Anthu akamfunsa kumene anaphunzira kudekha, iye sachula sukulu kapena buku ai, koma amachula m'mawa wina wa mwezi wa October, pamene anali ndi zaka 13, tsiku limene anapita ndi agogo ace amuna kukaonjola nsomba ku mbedza zao. Tsiku limenelo anaona nkhasi ziwiri. M'maso mwace zinali zofanana, koma sizinali za mtundu umodzi, ndipo anatsala pang'ono kulipira ndi zala zace cifukwa ca kusadziwa kusiyana kwace.

Kamba wa kumtunda adziwika ndi mwana ali yense, pakuti nthano zace nzambiri. Koma kamba ali ndi abale ace okhala m'madzi, amene anthu a m'mbali mwa nyanja amawacha nkhasi. Ana a m'cigwa ca Luangwa amaziona kawiri-kawiri zirikuothera dzuwa pa zipika za mitengo, ndipo amadziwa kuti zikaopsedwa zimabisa mutu m'cigoba ndi kutseka pakhomo. Nkhasi za m'nkhani ino nzosiyana nazo, ndipo sizipezeka m'mitsinje ya mu Africa, pakuti kwao ndi ku America. Cigoba cao ca kumimba ncacing'ono, coumbika ngati mtanda, kotero kuti sizingathe kubisa mutu ndi miyendo yonse monga acitira kamba. Posowa pobisala, zimadziteteza ndi nsagwada zao zolimba. Cifukwa cace eni dziko amazicha snapping turtle, ndiko kunena kuti nkhasi yoluma mwadzidzidzi.

Asodzi a milamba a kumeneko ali ndi kacitidwe kao. Madzulo amamanga zingwe zazifupi ku nthambi zolendewera pamwamba pa madzi, cingwe ciri conse ndi mbedza yace ndi nyambo yace, ndipo m'mawa amabwera kudzaona cimene cakodwa. Nthambi ikamagwedezeka, msodzi amadziwa akali patali kuti pali kanthu. Agogo aja anali atamanga zingwe 12 dzulo lace. Kunja kusanace bwino anadzutsa mdzukulu wao, natenga nkhafi ziwiri, mpeni, ndi copanira cacitsulo cacitali cocotsera mbedza, nalowa m'bwato. Mnyamata anakhala kutsogolo, ndipo agogo anakhala kumbuyo koongolera.

Nkhungu inali isanacoke pamwamba pa madzi, ndipo mitengo yaitali yochedwa cypress, imene imaima ndi mizu yace m'madzi momwemo, inangooneka ngati zithunzi-thunzi. Atapalasa kamtunda pang'ono, mnyamata anaona kanthu kakuda pakati pa mtsinje, napfuula nati, "Agogo, ng'ona iyo!" Sanalakwe poopa, pakuti mu Chipola muli ng'ona za mtundu wa ku America zochedwa aligeta. Koma agogo sanadzidzimuke konse.

Iwo anati, "Tsitsa mau, mdzukulu wanga, ndipo uleke kupalasa. Pa madzi ano pamaoneka zinthu zitatu zakuda: cipika, ng'ona ndi nkhasi. Cipika cimamvera madzi, kumene madzi apita ico cipita komweko. Ng'ona imaonetsa zotupa pawiri, mphuno kutsogolo ndi maso kumbuyo, ndipo pakati pace pamakhala danga la madzi. Nkhasi imaonetsa nsonga imodzi yokha, siyenda ndi madzi, ndipo ikatha kupuma imamira osasiya funde. Tsono yang'ana, undiuze cimene ulikuona."

Mnyamata anayang'anitsitsa, mtima ulikugunda. Nsonga inali imodzi. Masamba ouma analikuipitirira, koma iyo inali pamalo pomwepo. "Ndi nkhasi, agogo," anatero monong'ona. Asanatseke pakamwa, kanthu kaja kanamira mwakacete-cete. Agogo analeka bwato kuti litsetsereke lokha kufikira pamalopo, ndipo onse awiri anasuzumira pansi. Pa mcenga panali nkhasi yaikulu ngati licero, msana wace wobiriwira ndi ndere.

"Usangoti nkhasi nkulekera pomwepo," anatero agogo. "Yamba ndi mutu, utsirize ndi mcira."

Pamenepo mnyamata anayamba kuchula zimene analikuona. Mutu unali wobulungira, ndipo maso ace onse awiri analikuoneka kwa munthu woyang'ana ali pamwamba. Khosi linali lalitali, lotambasuka ngati la njoka. Msana unali wosalala, wopanda nsonga. Mcira unali wautali, wokhala ndi mano pamwamba pace ngati maceka. Mthunzi wa bwato utaifikira, nkhasiyo inatembenuka nithawira m'udzu wa m'madzi, nisiya matope okha alikufuka.

Imeneyo inali nkhasi ya khosi lalitali, imene iri yofala kwambiri ku North America, kuyambira kumwera kwa Canada kufikira ku Florida. Imakhala m'mitsinje, m'maiwe ndi m'madambo momwe. Cigoba ca yaikulu bwino cimayandikira theka la mita, ndipo zambiri sizipitirira makilogalamu 16. Katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaipatsa dzina la Cilatini m'caka ca 1758, naicha serpentina, ndiko kuti yonga njoka. Ikakhala m'madzi njamantha, imathawa munthu. Koma ikapezeka kumtunda, makamaka yaikazi yofuna malo oikira mazira, imalusa koopsa, cifukwa kumeneko iribe kothawira.

Anapitirira ulendo wao, naonjola milamba inai pa zingwe zoyamba. Dzuwa litakwera ndi nkhungu itabalalika, anafika pokhota mtsinje, pamene panali dziwe lakuya ndi mtengo waukulu wogwera m'madzi. Pamenepo nthambi ina inali itawerama kufikira masamba ace kukhudza madzi, koma sinalikugwedezeka ai. Agogo anaiyang'ana kanthawi, nati, "Mlamba umabvina pa cingwe. Ici cirikungokoka." Mnyamata anagwira cingwe nayamba kukoka, ndipo anamva ngati mbedza yakola mwala. Pang'ono-pang'ono mwalawo unayamba kukwera. Unali wakuda, wa ndere, waukulu ngati khomo la nkhokwe. Ndipo mwadzidzidzi mwalawo unatulutsa mutu waukulu ngati dzungu, nutsegula kukamwa.

Mnyamata anali ataona zithunzi za amuna onyamula nkhasi zazikulu atazigwira m'mphepete mwa cigoba, kumbuyo kwa mutu. Cimwemwe cinamgwira, naiwala zonse zimene anauzidwa m'mawa momwemo, nawerama kutambasula dzanja. Koma nkhafi ya agogo inafika msanga koposa dzanjalo, nichinga pakati pa iye ndi madzi. "Bweza dzanja!" anatero ndi mau amene mdzukulu wao anali asanawamvepo. "Wadziwa kuti ndi iti?"

Mnyamata anayankha mwamanyazi nati, "Ndi nkhasi yoluma, agogo, yonga ija taona, koma yaikulu."

Agogo sanamkalipire. Anakwinya malaya ao, namuonetsa cipsera cacikulu pa dzanja lao lamanja. Cipseraco mnyamata anali ataciona kuyambira ukhanda wace, koma sanafunsepo ciyambi cace. Iwo anati, "Ndinali ndi zaka 17, ndipo ndinali nditaona akulu alikunyamula nkhasi zazikulu pogwira kumbuyo kwa mutu, monga umafuna kucitira iwemu. Tsiku lina ndinapeza ina m'matope, yokhala ndi timizera pamsana, ndipo ndinaigwira momwemo. Sindinadziwe kuti ya khosi lalitali ikakhala isanakalambe nayonso imakhala ndi timizera. Inaponya mutu cagada pamwamba pa msana wace, nindigwira apa. Dotolo anasoka bala, koma cala ici sicipindika kufikira lero. Dzanja limalowa m'madzi maso atatsiriza nchito yao. Tsono yambanso: mutu, maso, msana, mcira."

Mnyamata anakhala pansi m'bwato nayang'ana bwino, ndipo manyazi ace anasanduka kuzizwa, pakuti nyamayi inali yosiyana ndi yoyamba ija m'ziwalo zonse. Mutu unali waukulu kumbuyo ndi wosongoka kutsogolo, ndipo mlomo unali wokowa ngati wa nkhwazi. Maso anali m'mbali mwa mutu, atazingidwa ndi tinsonga tamnofu tonga nsidze. Khosi linali lalifupi ndi lonenepa. Pamsana panali mizera itatu yotumphuka ngati mitumbira ya mbatata, iri yonse ndi nsonga zace, kuyambira kukhosi kufikira kumcira. Mcira unali wautali ndithu, koma m'malo mwa mano a maceka unali ndi tizotupa tobulungira. Agogo anamlozeranso cizindikiro cina ndi nsonga ya nkhafi. Pakati pa mamba akulu a pamsana ndi mamba ang'ono a m'mphepete panali kamzera kena ka timamba towerengeka, mbali iri yonse. "Mizera ya pamsana imaperepeseka ndi ukalamba," anatero, "koma timamba iti sitinama. Ya khosi lalitali iribe."

Imeneyi ndiyo nkhasi ya mizera itatu, imene eni dziko amaicha alligator snapping turtle, cifukwa msana wace ufanana ndi wa ng'ona. Mwa nkhasi zonse za m'madzi osalawa mcere ku North America, iyi ndiyo yaikulu koposa. Cigoba ca yamphongo cikhoza kufika masentimita 80, ndipo zina zimapitirira makilogalamu 70, ndiko kulemera koposa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Zazikazi nzocepa kwambiri pa zamphongo. Kwao kweni-kweni ndi m'mitsinje yothira mu Gulf of Mexico. Agogo poyang'ana anati imeneyi inali yamphongo, ndi kuti sinalikucepera makilogalamu 40.

Nyamayo inali ikali yasa kukamwa, ndipo mnyamata anaona kanthu kofiirira kali pa lilime, konga nyongolotsi. Agogo anaseka pang'ono nati, "Imeneyo ndiyo nyambo yace. Lero msodzi wakodwa ndi mbedza ya msodzi mnzace." Ndipo nzoona, pakuti nkhasi ya mizera itatu imasodza. Imagona pansi pa mtsinje ili duu, kukamwa kuli kotsegula. M'kamwa mwace ndi mwakuda ngati matope, ndipo ndere za pamsana zimaifanizira ndi mwala. Kanyama ka pa lilime kokha ndiko kamagwedezeka. Kansomba kakaona, kamayesa nyongolotsi, nkulowa kokha pakati pa nsagwada. Imadyanso nkhanu, nkhono za m'madzi, nkhasi zinzace zazing'ono, nyama zakufa, ndi zipatso za mitengo zogwera m'madzi.

Mantha atatha, mnyamata anayamba kuganiza za ulemu umene akanalandira. Anati, "Agogo, tiikokere kunyumba, anzanga akaione. Ndipo nyama yonseyi ikwanira anthu angati?" Agogo anakhala cete nthawi yaitali, alikuyang'ana madzi. Pambuyo pace anamsimbira nkhani imene anali asanauzepo mdzukulu ali yense.

Pa unyamata wao agogowo analikukhala ku Georgia, cigawo ca kumpoto kwa Florida, m'mbali mwa mtsinje wa Flint, umene umakumana ndi mtsinje wa Chattahoochee ndi kupanga Apalachicola. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nyama ya nkhasi zazikuluzi inali pa malonda, pakuti analikuphikira msuzi woika m'zitini. Anthu anachera misampha ndi mbedza m'maiwe onse. Akatswiri analemba kuti inalipo nthawi imene mu Flint mokha munalikucoka matani 3 kapena 4 a nkhasi pa tsiku limodzi. Agogo anali mmodzi wa ocherawo, ndipo ndi ndalama zimenezo anagula galimoto lao loyamba.

Iwo anati, "Tinalikuganiza kuti sizingathe. Koma caka ndi caka tinalikupita kutali, ndipo zimene tinalikugwira zinalikucepa msinkhu. Tsiku lina ndinayendera misampha yanga yonse kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osapeza ngakhale imodzi. Usaganize kuti tinaleka cifukwa ca cifundo, mdzukulu wanga. Tinaleka cifukwa zinatha. Ine ndinalikudziwa pogwira nkhasi, ndi mtengo wace pa sikelo, koma sindinalikudziwa kuti imatenga zaka zingati kuti ikule."

Mwambi uja umati citsime cimadziwika kuya cikaphwa. Cimene ochera aja sanacidziwe ndi ici. Nkhasi ya mizera itatu siyamba kubala isanakwanitse zaka 11, ndipo zina zimafika zaka 20. Yaikazi imatuluka m'madzi kamodzi pa caka, nikumba dzenje m'mcenga wa pagombe, niikira mazira 10 kufikira 50, nibwerera m'madzi osawaonanso. Mazirawo amaswa patapita miyezi itatu kapena inai ndi masiku, koma ambiri amafukulidwa ndi kudyedwa ndi tinyama tochedwa raccoon. Mwa tiana toswedwa, toculuka timadyedwa ndi nsomba, mbalame ndi ng'ona. Mtunduwu umapulumuka cifukwa cakuti nkhasi imene yakula iribe mdani wina koma munthu, ndipo imakhala ndi moyo wautali. Ina yosungidwa ndi anthu inakhala zaka 70. Yaikazi imodzi iyenera kuikira mazira zaka zambiri kuti ipezeke ina yolowa m'malo mwace. Motero wopha nkhasi yaikulu imodzi wapha ndi mazira onse a zaka zimene zinatsala.

Boma la Georgia linaletsa kugwira nkhasizi m'caka ca 1992. Mu 2014, patapita zaka 22, akatswiri anapitanso ku Flint kukaziwerenga, ndipo anapeza kuti zinali zisanaculuke koposa mmene zinaliri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Cimene cinaonongedwa m'zaka zowerengeka cinalephera kubwerera m'mbadwo wathunthu. Ku Florida nako, kuyambira mu 2009, lamulo linaletsa kutenga nkhasi ya mizera itatu mu mtsinje, ndipo linaletsanso kutenga ya khosi lalitali, ngakhale iri yoculuka, cifukwa anthu ambiri satha kuzisiyanitsa. Zomwezo zinacitika mu November 2022, pamene maiko a m'pangano la CITES, limene Zambia nayo iri membala wace, anasonkhana ku Panama, naika mitundu yonse iwiri pa mndandanda wa nyama zosagulitsidwa kunja kwa dziko popanda cilolezo.

Atatha kusimba, agogo anati, "Imene iri pa cingwe cathuyi kapena inaswedwa atate wako asanabadwe. Tikadula cingwe nkuisiya ndi mbedza, cingweco cikhoza kukola ku mizu ya pansi, ndipo popeza imapuma mpweya monga ife, idzafera m'madzi. Mbedza iri pa ngodya ya mlomo, sinaimeze. Ndikhoza kuicotsa, koma manja anga ndi awiri okha. Kodi undithandiza?" Mnyamata anayang'ana mlomo wokowa uja, nameza malobvu, nabvomera.

Anamasula cingwe ku nthambi, napalasa pang'ono-pang'ono alikuikoka kufikira pa mcenga wa madzi osaya. Kumeneko agogo anamlangiza nati, "Imva bwino. Iyi khosi lace nlalifupi, silingafike kumbuyo kwa mutu wace. Dzanja limodzi ugwire mphepete mwa cigoba pamwamba pa khosi, lina ugwire kumbuyo pamwamba pa mcira. Kutsogolo kwa mlomo usayandikireko, pakuti imadula cala ngati mpeni udula nzimbe. Ikanakhala ija ya m'mawa, pamene ulikuika dzanjapo ndipo pakanakhala pa ngozi, pakuti iyo imagwiridwa kumbuyo kokha, pafupi ndi miyendo. Pamene pali cipulumutso pa ina pali bala pa inzace. Iri yonse usainyamule ndi mcira, cifukwa mcira ndi mbali ya pfupa la msana, ndipo ukhoza kuipundula. Ndiponso zimenezi usadzacite uli wekha, ngakhale ndi anzako."

Mnyamata anazungulira kumbuyo, nagwada m'madzi. Asanaike dzanja anayang'ananso yekha, osauzidwa: mutu wosongoka, maso a m'mbali, mizera itatu, timamba ta m'mphepete. Pamenepo anagwira. Cigoba cinali cozizira ndi coterera, ndipo nyamayo itamva dzanja inakankha ndi miyendo yace mwamphamvu yoti inamkoka iye pa mcenga. Inaponya mutu uku ndi uku, koma sinathe kumfikira. Agogo anailumitsa nthambi yonenepa, ndipo nsagwada zinatseka kuti gwa, makungwa a nthambiyo naphwanyika. Iri cilumire comweco, iwo analowetsa copanira cija, napotoza mbedza kawiri, niguluka.

"Leka, ubwerere m'mbuyo," anatero agogo. Mnyamata analeka. Nkhasi inakhala kanthawi ili phee, nilabvula nthambi, nitembenuka. Sinasambire ai, koma inayenda pansi pa mtsinje ndi miyendo yace monga mwa cizolowezi ca mtundu wace, osafulumira, kufikira inasanduka mwala pakati pa miyala ya m'dziwe lakuya. Pamenepo mpamene mnyamata anazindikira kuti maondo ace analikunjenjemera.

Asanacoke, agogo anamasula zingwe zonse zimene anamanga pa dziwe limenelo, nazikulunga, naziika m'bwato. "Pano pali mwini wace," anatero, ndipo sanamangeponso mbedza masiku onse a moyo wao. Anabwerera kunyumba ndi milamba inai yokha. Mnyamata analibe coonetsa anzace, ndipo ena mwa iwo atamva nkhaniyo anamuyesa wabodza. Zimenezo zinamuwawa masiku owerengeka, koma pambuyo pace anapeza kuti sizinalinso ndi kanthu kwa iye, pakuti analikudziwa dziwe limene nyamayo inali, ndi kuti inali yamoyo.

Agogo aja anamwalira, ndipo bwato lao linatsala m'manja mwa mdzukulu wao. Iye amapalasabe pa Chipola madzi akayera. Masiku ambiri saona kanthu, pakuti nkhasi ya mizera itatu siikonda kuothera dzuwa pa zipika monga zicitira nkhasi zina, ndipo imayenda makamaka usiku. Koma amadziwa poyang'ana: pansi pa mitengo yogwera m'madzi, m'mapanga amene madzi anakumba m'gombe, ndi m'maiwe a pokhota mtsinje. Akafika pamalo potere amaika nkhafi pa maondo, nadikira, podziwa kuti nyamayo ikhoza kukhala pansi mphindi 40 kapena 50, koma idzakwera ndithu kudzapuma. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Akamakumbukira agogo ace, iye amati anali ndi zipsera ziwiri. Ca pa dzanja anacilandira cifukwa sanadziwe maonekedwe a nyama imene anaigwira. Cinzace cinali ca mumtima, ndipo anacilandira cifukwa sanadziwe makhalidwe a nyama imene analikuigulitsa. Kudziwa maonekedwe kumapulumutsa dzanja la munthu, ndipo kudziwa makhalidwe kumapulumutsa nyamayo. Tsono akatenga ana m'bwato, mwana wina nkupfuula kuti waona cakuti, iye samtsutsa ndiponso sambvomereza msanga. Amangoleka kupalasa, nanena motsitsa mau, "Yamba ndi mutu, utsirize ndi mcira."

Mafunso

1. Kodi munthu wokhala m'bwato angasiyanitse bwanji cipika, ng'ona ndi nkhasi pamwamba pa madzi?
2. Chulani zizindikiro zinai zosiyanitsa nkhasi ya mizera itatu ndi nkhasi ya khosi lalitali.
3. Cifukwa ninji agogo analumidwa pamene anali ndi zaka 17?
4. Fotokozani cifukwa cace nkhasi za mu mtsinje wa Flint zinali zisanaculuke patapita zaka 22.
5. Kodi kwanu kuli nyama, nsomba kapena mtengo umene akulu amati kale unali woculuka koma lero ukusowa? Funsani akulu, ndipo mulembe zimene akuuzani.